Njinga, chisanu ndi fupa lothyoka: zimene mpikisano wa m'mapiri a ku South Africa ukuphunzitsa

Chaka chilichonse m'mwezi wa Juni, nthawi imene alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano amadzuka n'kupeza chisanu chitayera m'madimba, mumzinda wa Pietermaritzburg ku South Africa mumasonkhana anthu a njinga zakapalasa. Amanyamuka 6 koloko m'mawa kudakali mdima, m'timagulu ting'onoting'ono, kena lero, kena mawa. Kutsogolo kwawo kuli makilomita oposa 2,100 a mapiri, mitsinje ndi njira za ng'ombe, mpaka kukafika ku Wellington, pafupi ndi Cape Town. Mtunda umenewu ukuposa ulendo wa pamsewu wochoka ku Tete kukafika ku Maputo. Mpikisanowu dzina lake ndi Freedom Challenge. Adauyambitsa ndi David Waddilove, ndipo woyamba udachitika mu 2004.

Kwa mlimi amene njinga yake ndi ya ntchito, nkhani yotere itha kumveka ngati masewera a anthu okhuta. Koma adani awiri amene opikisanawa amalimbana nawo, kuzizira ndi kugwa, ndi omwewo amene amadikirira munthu wonyamuka tambala woyamba ndi matumba a mbatatesi kupita kumsika wa ku Ulónguè, ku Calómuè kapena ku Lizulu. Kusiyana kwake n'kwakuti opikisanawa ndi madokotala awo adawaphunzira bwino adani amenewa. Chachikulu chimene adapeza n'chakuti kulimba mtima sikutenthetsa thupi ndipo sikulumikiza fupa. Thupi lili ndi malire ake ndi masiku ake, ndipo amene amafika kumapeto ndi amene amadziwa kuwawerengera.

Mpikisanowu umayenda bwanji

Njinga zimene amagwiritsa ntchito ndi za m'mapiri: matayala onenepa okhala ndi mano, magiya ambiri, mabuleki amphamvu, ndi foloko yakutsogolo yonyutuka kuti manja asamve mabampu onse. Komabe njinga yabwino siyithandiza paliponse. Pali malo ambiri pomwe munthu amatsika n'kuyamba kukankha, pena kuinyamula paphewa.

Malamulo ake ndi ouma. Aliyense ali ndi masiku 26 oti amalize. Saloledwa kulondola njira ndi GPS. Amayenda ndi mapu a pepala, kampasi ndi malangizo olembedwa. Palibe galimoto yowatsatira. Zovala, zida zokonzera njinga ndi mankhwala amanyamula okha. Asadanyamuke amatumiziratu timabokosi ta malita awiri m'malo ogona a m'njira, momwe amaikamo mabatire, zakudya ndi tizipangizo. Malo ogonawo ndi nyumba za alimi ndi za anthu a m'midzi. M'mudzi wa Vuvu, m'munsi mwa mapiri a Drakensberg, opikisanawa amadyera pasukulu n'kukagona m'makomo mwa anthu.

Kuchokera ku Vuvu amakwera Lehana, njira yakale ya ziweto yomwe imakwera pafupifupi mamita 1,000, njinga ili paphewa. Pamwamba pake ndi pamtunda woposa mamita 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kutalika kuposa phiri la Dómuè lomwe lili ndi mamita pafupifupi 2,100. Kumeneko m'mwezi wa Juni kumagwa chipale chofewa, ndipo mphepo imatha kumugwetsa munthu ali chiimire. Akatsika amafika m'tauni yaing'ono ya Rhodes, kenaka amalowa m'dera lomwe ndi limodzi mwa ozizira kwambiri m'dzikolo. Pa famu ya Buffelsfontein, kufupi ndi Molteno, pa 28 Juni 1996 kudazizira kufika madigiri 18.6 pansi pa ziro. Madzi a m'botolo amauma, ndipo dzuwa limawala maola 10 okha patsiku.

Alipo othamanga kwambiri. Mu 2017 Martin Dreyer adamaliza ulendowu m'masiku 10 ndi maola ochepa, akugona pang'ono chabe. Ambiri amatenga milungu itatu kapena kuposerapo, ndipo chaka chilichonse ena amalekera panjira chifukwa cha mawondo, chifuwa, kugwa kapena kuzizidwa.

Kuzizira kumalowa bwanji m'thupi

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri pafupifupi 37. Kutentha kumeneku kumachokera m'chakudya, ndipo minofu ikamagwira ntchito imakuwonjezera. Wopalasa njinga amataya kutenthaku m'njira zitatu zikuluzikulu.

Yoyamba ndi kukwera. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake mumzinda wa Tete, womwe uli m'chigwa cha Zambezi, anthu amayenda ndi malaya okha pamene ku Ulónguè, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, anthu ali m'majekete.

Yachiwiri ndi mphepo. Khungu limatenthetsa kampweya kamene kali pakati pa thupi ndi zovala, ndipo mphepo imakachotsa. Wopalasa amadzipangira yekha mphepo. Kunja kukakhala madigiri 5, munthu wotsetsereka pa liwiro la makilomita 30 pa ola thupi lake limamva ngati kuli pa ziro.

Yachitatu, yomwe ndi yoopsa kwambiri, ndi madzi. Madzi amakoka kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya, pafupifupi ka 25. Sikuti ndi mvula yokha ayi: nkhungu, mame, kamvula ka chiperoni ndi thukuta zonse zimanyowetsa zovala. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Pokwera chitunda munthu amatuluka thukuta, malaya n'kunyowa. Akafika pamwamba n'kuyamba kutsetsereka, miyendo imaleka kupalasa, kutentha kumasiya kupangika, ndipo mphepo imawomba pa chovala chonyowa. Mphindi zochepa zimakwana kuti ayambe kunjenjemera.

Opikisana a Freedom Challenge amachita zinthu zooneka ngati zosemphana ndi nzeru. Poyamba kukwera amavula jekete, ngakhale kukuzizira, kuti asatuluke thukuta lambiri. Akafika pamwamba amaima n'kuvala asadayambe kutsika. Amavala zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chochindikala, ndipo chakunja chimakhala chotchinga mphepo. Chovala cha thonje sachifuna pakhungu chifukwa chikanyowa sichiuma msanga. Amakonda cha ubweya kapena cha ulusi wa m'fakitale. Amasunga chovala chimodzi chouma m'pulasitiki. Amadyanso pang'onopang'ono njira yonse osadikira njala, chifukwa thupi lopanda chakudya lili ngati mbaula yopanda makala.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Opalasa njinga akale a ku Europe ankaika nyuzipepala pachifuwa, mkati mwa malaya, asadatsike phiri, ndipo pepala kapena pulasitiki imagwira ntchito yomweyo lero. Mbatata yophika, nthochi, mtedza wokazinga kapena botolo la thobwa ndi chakudya chokwanira cha panjira. Magolovesi, ngakhale masokosi akale ovala m'manja, ndi ofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa zala zikachita dzanzi sizigwira buleki.

Munthu akazizidwa mopitirira

Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu ali pa ngozi. Poyamba amanjenjemera kwambiri, mano kugundana, zala kukanika kumanga batani. Kenaka amayamba kulankhula ngati woledzera, kupunthwa ndi kusokonezeka maganizo. Kutentha kukafika cha m'ma 32, kunjenjemera kumasiya. Ambiri amaona ngati wayamba kupeza bwino, pamene zoona zake n'zakuti thupi latopa kudziteteza. Amafuna kugona, ndipo akasiyidwa panja atha kukomoka osadzukanso. Vuto lake n'lakuti wozizidwayo sadzizindikira. Amene amaona ndi mnzake, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene opikisana ambiri amadutsira malo oopsa ali awiri kapena atatu.

Chithandizo chake n'chosavuta. Munthuyo achotsedwe pamphepo, avulidwe zonyowa, afunditsidwe mabulangete kuyambira kumutu, ndipo asagonekedwe padothi popanda mphasa kapena thumba. Choyamba kutenthetsa ndi chifuwa ndi msana, osati manja ndi miyendo. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, apatsidwe tiyi wa shuga kapena phala lotentha. Asatikitidwe miyendo ndi manja mwamphamvu, ndipo asayandikizidwe kwambiri pamoto, chifukwa khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha ndi mpweya wake wopanda fungo, choncho zenera kapena chitseko chikhale chotsegula pang'ono. Ngati wasokonezeka kapena wasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, apite naye kuchipatala, akumunyamula mosamala.

Kachasu sathandiza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi otentha n'kuthamangira kunja. Munthu amamva kufunda kwa kanthawi pamene kutentha kwa mkati kukutayika. Mowa umachedwetsanso dzanja pa buleki.

Kugwa ndi fupa la paphewa

Kuzizira ndi kugwa zimayendera limodzi. Minofu yozizira imachedwa kumvera, maso saona patali m'nkhungu, ndipo mabuleki a labala sagwira msanga pa limu yonyowa ndi mame. Njinga yosenza matumba imafunanso mtunda wautali kuti iime kusiyana ndi yopanda katundu.

Munthu akamagwa pa njinga amatambasula dzanja kapena amafikira phewa. Mphamvu yonse imathera pa kafupa kopingasa kamene kamalumikiza phewa ndi chifuwa, komwe pa Chipwitikizi amati clavícula. Ili ndi limodzi mwa mafupa amene amathyoka kawirikawiri pakati pa opalasa njinga. Zizindikiro zake ndi ululu pamwamba pa chifuwa, phewa kugwera kutsogolo, chotupa pafupapo, ndi kulephera kukweza mkono.

Nkhani yodziwika ndi ya Tom Pidcock wa ku Britain. Kumapeto kwa Meyi 2021 adagundidwa ndi galimoto akuchita zokonzekera, fupa limeneli n'kuthyoka. Pa 26 Julayi chaka chomwecho, miyezi iwiri isadakwane, adapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa njinga za m'mapiri pa masewera a Olympics a ku Tokyo, ali ndi zaka 21. Ambiri amaitchula nkhaniyi ngati umboni wakuti munthu wolimba mtima sachedwa kuchira. Koma Pidcock adachitidwa opaleshoni patangopita nthawi yochepa, ndipo anali ndi madokotala ndi akatswiri a mafupa omuyang'anira tsiku ndi tsiku. Ntchito yake sinali yosenza matumba kapena kugwira khasu. Wina aliyense amene angatengere masiku a Pidcock popanda chisamaliro cha Pidcock akudziika m'mavuto.

Kwa anthu ambiri fupali silifuna opaleshoni. Mkono umakolekedwa m'khosi ndi nsalu, ndipo kwa munthu wamkulu fupa limagwirana pakati pa milungu 6 ndi 12. Ana amachira msanga kuposa pamenepa. Koma woona ngati fupa lili m'malo mwake, kapena ngati lasuntha kwambiri moti likufunika chitsulo, ndi wachipatala atalijambula.

Ngozi ya Pidcock ikukumbutsanso kuti mdani wamkulu wa njinga nthawi zina ndi msewu wa tala. Burry Stander wa ku South Africa, amene adapambana mpikisano wa Cape Epic mu 2011 ndi 2012 ndipo adakhala wachisanu pa Olympics ya ku London, sadafere m'phiri. Adagundidwa ndi minibasi pa 3 Januwale 2013 ku Shelly Beach, ali ndi zaka 25. Pamsewu wochoka ku Mussacama kupita ku Calómuè, m'mawa wa nkhungu, woyendetsa lole sangamuone msanga munthu wovala zakuda pa njinga yopanda nyali. Chovala chowala, tochi kutsogolo ndi kagalasi kofiira kumbuyo ndi zotchipa poyerekeza ndi mtengo wa ngozi.

Bala losaoneka

Fupa lothyoka limadzionetsa. Kuvulala koopsa kwambiri ndi kumene sikuoneka kunja. Mu Disembala 2019, nyengo ya chisanu ku America, Jolanda Neff wa ku Switzerland adagwa pa njinga m'nkhalango ya ku North Carolina. Adathyoka nthiti, phapo lina lidaphwa, ndipo kapamba, chiwalo chomwe pa Chipwitikizi amati baço, kadang'ambika n'kuyamba kutaya magazi mkati. Madokotala adatseka mtsempha wopita ku kapambako kuti magazi aleke. Neff, yemwe adali katswiri wa dziko lonse mu 2017, adakhala miyezi ingapo osaloledwa kuchita zolimba. Adamvera. Pa 27 Julayi 2021, patatha chaka ndi miyezi 7, adapambana golide ku Tokyo.

Nkhani ya kapamba ikukhudza kwambiri madera a malungo. Kapamba kali kumanzere, pansi pa nthiti. Kwa munthu amene wadwala malungo kambirimbiri kamatha kukula ndi kufewa, ndipo kamang'ambika mosavuta handulo ya njinga ikamugunda pamimba. Munthu atha kudzuka, kudzikuntha fumbi n'kupitiriza ulendo, magazi akutayikira mkati. Zizindikiro zimabwera patapita maola, nthawi zina masiku: ululu kumanzere kwa mimba kapena pansonga ya phewa lakumanzere, chizungulire poimirira, ludzu, thukuta lozizira, mtima kugunda mofulumira, m'maso ndi m'manja kuyera. Wotere akufunika chipatala chomwe chimachita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo asapatsidwe chakudya panjira.

Chimodzimodzinso mutu. Munthu atha kuvulala ubongo ngakhale sadakomoke ndipo palibe bala. Ngati atagwa sakukumbuka zimene zachitika, akufunsa funso limodzi mobwerezabwereza, kapena akumva chizungulire, asakwerenso njinga tsiku limenelo, ndipo asagone yekha usiku woyamba. Kusanza kangapo, mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tosadzutsika, kukomoka ngati wakhunyu, kufooka mbali imodzi, kapena madzi ndi magazi kutuluka m'khutu ndi m'mphuno, zonsezi ndi zothamangira nazo kuchipatala. M'mipikisano yonse ya njinga za m'mapiri palibe amene amaloledwa kunyamuka wopanda chisoti choteteza mutu, chomwe ambiri kuno amachidziwa ndi dzina lakuti capacete.

Zoyenera kuchita pamalo a ngozi

Pa Freedom Challenge thandizo limatha kukhala kutali maola ambiri, monga mmene zilili m'midzi yambiri ya ku Macanga, Chifunde ndi Tsangano. Choncho opikisanawa amayenda ndi zomangira mabala ndi chofunda cha pangozi, podziwa kuti wothandiza woyamba ndi amene ali pafupi.

Choyamba ndi kusamudzutsa mofulumira munthu wagwayo. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena manja ndi miyendo yachita dzanzi, mutu wake ugwiridwe kuti usatembenuke, ndipo anyamulidwe atagona chowongoka pa chitseko kapena thabwa, anthu angapo akukweza pamodzi. Kumukhazika pa keliyala kapena pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto kungathe kumupuwalitsa moyo wake wonse.

Magazi amaletsedwa popanikiza pabalapo ndi nsalu yoyera, osachotsachotsa kuti aone. Mkono kapena mwendo wothyoka usakokedwe pofuna kuuwongola. Umangiriridwe mmene ulili ku nsungwi, kathabwa kapena katoni yopinda, ndi nsalu yofewa pakati, osathinitsa mpaka zala kuzizira. Kapulana imakwana kukolekera mkono m'khosi. Wovulala amazizidwa msanga kuposa munthu wabwinobwino, choncho afunditsidwe ndipo pansi payalidwe kanthu.

Bala la kusupuka litsukidwe ndi madzi ambiri oyera ndi sopo mpaka mchenga wonse utachoka. Dothi, ndowe, phulusa kapena mafuta a galimoto siziyenera kufika pabala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo njira zimene mumadutsa ng'ombe zili nato tambiri. Amene sadalandire katemera wa kafumbata zaka zambiri akanene kuchipatala. Ngati fupa latulukira kunja kapena pali bala pamalo othyokapo, ola lililonse lochedwa likuwonjezera mpata woti fupa lilowe matenda. Kutema mphini pamalo otupa kumatsegula khomo lomwelo la tizilombo. Chipatala choyamba chikhale chapafupi, ndipo ngati pakufunika kujambula kapena opaleshoni, ogwira ntchito pamenepo ndi amene amatumiza wodwala ku chipatala cha ku Ulónguè kapena chachikulu cha ku Tete.

Fupa limalumikizana bwanji

Fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo limadzimanga lokha motsatira ndondomeko yosasintha. M'masiku oyamba magazi amaundana pamalo othyoka, pamatupa ndi kutentha. Pofika mlungu wachiwiri ndi wachitatu pamamera mnofu wofewa, wonga chichereŵechereŵe, umene umagwirizanitsa mbali ziwirizo. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'milungu 6 kufika 12, mnofuwo umauma n'kusanduka fupa. Kenaka kwa miyezi yambiri thupi limasalaza ndi kulimbitsa malowo.

Msampha uli pa mlungu wachitatu ndi wachinayi. Ululu umakhala utachepa, kutupa kwaphwa, ndipo munthu amaona ngati wachira. Koma cholumikizacho chikadali ngati khoma la njerwa lomwe matope ake sadaume. Kukweza thumba la makilogalamu 50, kukankha njinga yolemera pachitunda kapena kugwanso pang'ono kungathe kulekanitsa mbali ziwirizo. Zikatero kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba, ndipo nthawi zina fupa limagwirana mokhota kapena siligwirana n'komwe. Chikhakha chisachotsedwe kunyumba chifukwa choti chikuyabwa kapena chikulepheretsa ntchito. Koma ngati chikuthina, zala zatupa, zazizira kapena zasintha mtundu, munthu abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Zipangizo zomangira fupa zimachokera m'mbale. Nyemba, soya, nsinjiro, mazira, mkaka, masamba obiriwira, ndi tinsomba todyedwa ndi minga yomwe monga usipa ndi kapenta, zimapereka zomanga thupi ndi mchere wa calcium. Kuwothera dzuwa kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito mcherewo. Fodya amachepetsa magazi ofika pafupa, ndipo osuta amachedwa kuchira kusiyana ndi osasuta. Mowa wambiri nawonso umachedwetsa.

Kudikira sikutanthauza kungogona. Mfundo yosagwedezeka kwa milungu ingapo imauma, ndipo minofu imaphwa. Akatswiri a njinga amabwerera pa masitepe. Amayamba ndi kuyenda pansi ndi kugwedeza zala ndi chigongono. Dokotala akalola, amayamba kuyendetsa phewa pang'onopang'ono, kenaka kupalasa njinga yoima m'nyumba pomwe palibe kugwa, kenaka msewu wosalala, ndipo miyala ndi zitsetso zimabwera pomaliza. Lamulo lawo n'lakuti ngati sitepe yatsopano yabweretsa ululu wobaya kapena kutupa mawa lake, munthu abwerere pa sitepe yakale. Mlimi atha kutsata dongosolo lomweli: ayambe ndi njinga yopanda katundu pamalo athyathyathya, kenaka theka la thumba, ndipo khasu ndi matumba athunthu zidikire mawu a wachipatala. Mantha nawonso amachira mochedwa. Ambiri amaumitsa manja akafika pamalo pomwe adagwera, ndipo njira yake ndi kudutsapo pang'onopang'ono, masana, kangapo.

Kuwerengera masiku

Chovuta kwa mlimi n'chakuti ngozi za m'chisanu zimagwa nthawi ya malonda. Juni ndi Julayi ndi miyezi yotuta ndi kugulitsa, ndipo tsiku lililonse lokhala pakhonde limaoneka ngati ndalama yotayika. Koma masamu ake ali chonchi. Amene wathyoka fupa la paphewa pakati pa Juni, akalisamalira milungu 6 mpaka 12, amakhala atachira pakati pa kumapeto kwa Julayi ndi kumayambiriro kwa Seputembala. Mwezi wa Okutobala, nthawi yosoza ndi kuunga mizere, umamupeza ali ndi manja onse awiri. Amene wafulumira n'kulilekanitsanso fupalo mu Julayi, kapena lagwirana mokhota mpaka kufuna opaleshoni, mvula yoyamba ya Novembala itha kumupeza mkono udakali m'nsalu. Woyambayo wataya malonda a milungu ingapo, omwe achibale, anzake a mumpingo kapena a m'gulu la alimi angathe kumunyamulira. Wachiwiriyo waika pachiswe chakudya cha banja cha chaka chathunthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lomaliza la Freedom Challenge limadutsa m'chigwa cha Stettynskloof, mopanda njira yeniyeni, momwe makilomita ochepa amatenga maola ambiri munthu akukoka njinga m'zitsamba ndi m'miyala. Amene amafika pamenepo si okhawo amphamvu kuposa onse. Ambiri ndi aja amene adadikira mphepo kuti ichepe asadakwere Lehana, adavala zouma nthawi yake, ndipo adapumitsa bondo tsiku limodzi kuti asataye ulendo wonse. Akafika ku Diemersfontein, ku Wellington, aliyense, kaya wamaliza m'masiku 11 kapena 26, amafunditsidwa mphoto yofanana: bulangete la Abasotho, lomwe abusa a m'mapiri a Lesotho amafunda poweta ziweto m'chisanu.